Maloko Atatu pa Thanki

A Sipanala ndi munthu woti ukawauza kuti dikirani pano, ukawapeza pomwepo ngakhale mvula iwakunthe. Ena amati ndi kukhulupirika, akazi awo amati ndi matenda. Dzinali analitola ali mnyamata, atangoyamba ntchito ya mapaipi ku khonsolo ya Kumtunda, chifukwa sipanala sinkachoka m'thumba la kumbuyo la ovololo yawo, moti ngakhale pa benchi ankakhala mopendekera. Lero mutu wayera, mawondo amalira akamagwada, ndipo dzina lawo lenileni amalidziwa ndi akazi awo okha. Nawonso amalitchula pokhapokha zinthu zikafika poipa.

Kwa zaka zambiri ntchito yawo inali yomveka. Pamwamba pa kaphiri pali thanki ya madzi, ndipo m'munsi mwa thankiyo muli kachipinda ka mavalavu, zitsulo zija amapotokola potsegula kapena kutseka madzi opita m'mapaipi. M'mawa a Sipanala ankakwera, kutsegulira uku, kutsekera uko, kenaka n'kutsika kukamata paliponse pamene padontha. Paipi ikaphulika munthu sankafunsa kopita. Unkangoima pamsewu n'kukuwa dzina lawo, iwo n'kutulukira akumanga mabatani, madzi n'kutsekedwa tiyi asanazizire.

Nyumba yawo anaimanga m'munsi mwa kaphiri komweko, m'mbali mwa msewu umene paipi yaikulu imadutsa. Sanaimange tsiku limodzi ayi. Chinayamba ndi chipinda chimodzi ndi khonde, kumene akazi awo anaika makina awo osokera. Ana atachuluka anawonjeza china. Chomaliza chinali chipinda chogona cha kumsewu, chimene anachimanga ana atakula kale n'kupita kwawo, ndipo ndi chokhacho chinali ndi zenera la galasi. Njerwa zinali zowotcha, koma anamangira dothi, simenti anangopaka kunja. Kupatula nyumbayo, awiriwa analibe china chilichonse choloza padziko pano, ndipo nthawi yopuma ntchito inali itayandikira. A Sipanala ankati akapuma azidzangokhala pakhondepo kumaona akazi awo akusoka.

Kenaka kunabwera mgwirizano. Makhonsolo atatu oyandikana, ya Kumtunda, ya Kumsika ndi ya Kutsidya, anagwirizana kuti madzi aziwayendetsa pamodzi. Tinene zoona, maganizowo anali abwino. A Kumsika zitsime zawo zinkauma chaka chilichonse, a Kutsidya injini yawo yopopera inkafa mwezi uliwonse, pamene a Kumtunda anali ndi thanki koma mapaipi awo anali ovunda. Ataphatikiza zonse, madzi anafika m'misewu imene ana ake anali asanaonepo mpope ukudontha. Apa palibe angatsutse.

Chinavuta ndi kukhulupirirana. A Kumsika anati wosunga kiyi akakhala wa Kumtunda azitsegulira abale ake okha. A Kutsidya anati akakhala wa Kumsika, iwo aziona madzi pa Khirisimasi pokha. Anakumana, kukumananso, mabotolo a madzi akumwa kutha patebulo, mpaka wina anatulukira nzeru imene onse anaiombera m'manja. Mavalavu ang'onoang'ono a m'misewu achotsedwe, kuti pasapezeke wotsegulira kwawo mwakabisira. Onse asonkhanitsidwe m'kachipinda ka pathanki. Pachitseko paikidwe maloko atatu, khonsolo iliyonse ndi kiyi wake, ndipo aliyense wodula loko kapena kulowa yekha achotsedwe ntchito pompo. Taganizani, abale, anthu akuluakulu amataye pakhosi kukhala pansi n'kumanga zoterezi!

Koma a Sipanala zinawasangalatsa, musamve zonama. Kiyi wa khonsolo ya Kumtunda anawapatsa pamaso pa anthu, wapampando wa komiti ya mgwirizanowo anawagwira chanza, wojambula n'kuwajambula. Kiyiyo anamumangirira pa chingwe cha nsapato n'kumuvala m'khosi ngati mendulo. Chitseko chachitsulo anachipanga okha ndi mlamu wawo wowotcherera, mchimwene wa akazi awo, munthu wa pakamwa posapuma. Loko aliyense anamuwotcherera kabokosi kake kachitsulo chokhuthala, kuti sowo ya wakuba isafikepo. Atamaliza anachimenya ndi phazi, chitseko chili nga, awiriwo n'kuseka mokhutira.

Kuyambira pamenepo ntchito ya a Sipanala inasanduka kudikira. Kiyi wa Kumsika ankasunga a Kalaliki, bambo wa nsapato zonyezimira amene kukwera kaphiri ankakuona ngati chilango. Wa Kutsidya ankasunga mayi Injiniya, mtsikana wakhama ndithu, koma ofesi yonse ya madzi kwawoko inali pamutu pake, ndipo galimoto ankalimbirana ndi a zinyalala ndi a zamisika. Wina akafika, wina kulibe. Akapezeka onse, dalaivala wapita kukadya. A Sipanala ankangokhala pamwala pafupi ndi chitseko, dzuwa likuwaomba pamutu, akumva madzi akuguguda mkati ngati akuwaseka.

Madzi akachedwa, anthu sankatukwana komiti, chifukwa komiti ilibe nkhope. Ankatukwana a Sipanala. Akazi awo ankazimva kumsika, ankazimva kwa anthu obweretsa zosoketsa, ndipo akabwera nazo kunyumba ankafunsa kuti kodi kiyi amene amagona naye m'khosiyo amatsegula chiyani kwenikweni. Iwo ankangoyankha kuti lamulo ndi lamulo, zinthu zatsopano zimayamba movuta. Mayiwo ankapondereza makina mwaukali mpaka ulusi kuduka.

Tsiku limene zinafika pamutu linali Lachisanu m'mawa. Mvula ya masabata apitawo inali itakokolola msewu, paipi yaikulu inangotsala pang'ono kuonekera, ndiye lole yodzaza mchenga inadutsa pomwepo. Kunamveka phuu, madzi n'kuuluka kupitirira madenga. Atatsika mphamvu anayamba kuyenda ngati mtsinje, ndipo poti malowo ndi otsetsereka, mtsinjewo unalunjika pabwalo la a Sipanala n'kukatsamira khoma la chipinda chogona.

Msewu wonse unasanduka chikondwerero. Amayi anatuluka ndi ndowa, zigubu, mabeseni, wina mpaka mphika. Ena anayamba kuchapa pomwepo. A Sipanala okha ndi amene sanasangalale, chifukwa ankadziwa chimene chili kuseri kwa simenti ya khoma lija. Dothi likamwa madzi silifunsa kuti unalimanga ndi thukuta lotani.

Anaimbira a Kalaliki, amene anayankha kuti akubwera pompano, angomaliza kaye kanthu kena. Anaimbira mayi Injiniya, foni yozima. Anaimbanso, yozimabe. Ataimbira ku ofesi ya Kutsidya anauzidwa kuti mayiwo anyamuka m'mamawa kupita ku hotela ina ku tauni yaikulu, kumaphunziro, ndipo kumeneko mafoni amawazimitsa. A Sipanala anafunsa kuti maphunziro a chiyani. Wa pafoniyo anawerenga bwinobwino kuti ndi olimbikitsa mgwirizano wa makhonsolo pa kayendetsedwe ka madzi. Nanga kiyi? Kiyi ali naye m'chikwama, poti lamulo silimulola kusiyira munthu wina. Zinthu zina ukamazimva umafuna kuseka, koma m'maso muli misozi.

Anasiya uthenga paliponse pamene akanatha, n'kutenga khasu kuyamba kukumba ngalande yopatutsira madzi. Akakumba apa, madzi agumula apo. Anadzaza mchenga m'matumba n'kuika m'mbali mwa khoma, madzi anangodutsa pansi. Akazi awo anayamba kutulutsa katundu, makina osokera poyamba, kenaka matiresi, zovala za eni ake zimene anali asanamalize kusoka, zonse kukaunjika kuseri kumene kunali kouma.

Mlamu uja anafika akuthamanga, magalasi owotcherera ali pachipumi. Anayang'ana madzi, anayang'ana khoma, nati, "Alamu, tiyeni tikadule lokoyo. Tinapanga tokha, tikaphwanya tokha."

A Sipanala anapukusa mutu. Anati iwo analonjeza pamaso pa anthu, ndipo munthu woti watsala pang'ono kupuma sangachoke ntchito ngati wakuba. Anati uthenga ufika, mayi Injiniya ndi munthu womva, ayatsa foni nthawi ina iliyonse. Mlamuyo anawauza kuti khoma silidziwa zoti kuli maphunziro. Anakangana ali m'madzi ofika m'akakolo, mpaka mlamuyo anataya manja n'kupita kukathandiza mlongo wake kunyamula kabati. Apa ndiye pamene a Sipanala amakwiyitsa. Munthu wabwinobwino, mtima wake woyera, koma ukamuuza kuti nyumba ikupsa amayamba wafunsa ngati chidebe chozimira moto chili chololedwa.

A Kalaliki anatulukira dzuwa lili paliwombo. Anaima pa njerwa kuti nsapato zisanyowe, anapepesa kwambiri, n'kupereka maganizo akuti akwere akatsegule maloko awo awiri, kuti wachitatu akafika asataye nthawi. A Sipanala, poti anali atasowa pogwira, anavomera. Anakwera, a Kalaliki akupuma m'njira ngati anyamula thumba la simenti. Loko woyamba anatseguka, wachiwiri anatseguka, ndiye amuna awiri akuluakulu anaima chilili akuyang'ana wachitatu. Valavu inali pomwepo kuseri kwa chitseko, yoti ukanatambasula mkono ukanaigwira. A Kalaliki anapukuta thukuta n'kunena kuti mbali ya khonsolo ya Kumsika yakwaniritsidwa, ndipo a Sipanala adzachitire umboni.

Ali chiimire, anaona munthu akukwera kaphiri. Anali akazi awo. Chikwatirane, mayiwa anali asanapondepo pathanki, ankati kumeneko ndi kwa mkazi mnzawo. Lero anakwera opanda nsapato, matope mpaka m'mawondo, mpango uli m'manja. Mchimwene wawo ankabwera pambuyo atanyamula thumba la zitsulo. Atafika sanapereke moni kwa a Kalaliki. Anawatchula a Sipanala dzina lawo lenileni, lonse, mpaka a Kalaliki anatembenuka kuona ngati pabwera munthu wina.

"Khoma lang'aluka," anatero. "Dzanja langa likulowa lonse."

A Sipanala anayamba kunena kuti mwina uthenga wafika tsopano, koma mayiwo anawadula.

"Bambo, akakuchotsani ntchito tidzagona ndi njala, koma m'nyumba mwathu. Nanga ikagwa, tikagona ku khonsolo iti mwa atatuwa?"

Sanadikire yankho. Anatembenuka n'kuyamba kutsika, poti katundu wina anali akadali mkati. A Sipanala anawayang'ana kumsana, anaona mmene akutsetserekera mogwira maudzu ngati nkhalamba, ndipo manyazi anawagwira kuposa mantha. Anatambasula dzanja kwa mlamu wawo n'kupempha hamala.

Makina odulira zitsulo sakanagwira ntchito, chifukwa pakaphiri palibe magetsi. Zimene zinalipo ndi hamala, tchizulo ndi sowo. Sowo inalephera kulowa m'kabokosi kaja, monga mmene eni ake anafunira pokapanga. Ndiye kunali kumenya basi, kusinthana, wina agwira tchizulo wina amenya. Chitsulo chinkangolira, mapewa kuwawa, zikhatho kutuluka matuza. Mlamuyo, pakamwa paja, analephera kudzigwira, anati koma alamu pano tinamanga, ngakhale ku banki kulibe chitseko chotere. A Sipanala sanaseke. A Kalaliki anali atasendera patali, atafulatira, akuyang'ana mitambo, kuti tsiku lina akadzafunsidwa adzanene kuti sanaone kanthu.

Kabokosi kanayamba kupindika dzuwa litapendeka. Nthawi yomweyo galimoto ya khonsolo inaima m'munsi, ndipo mayi Injiniya anakwera akuthamanga, kachikwangwani ka kumaphunziro kakulendewerabe m'khosi. Anafotokoza akupuma wefuwefu kuti uthenga anauona nthawi ya chakudya, anapempha kunyamuka, koma wapampando anati adikire kaye chithunzi cha gulu, ndipo dalaivala anakana kuyenda osanyamula anthu a makhonsolo onse atatu. Maso ake anali ofiira. Anaona hamala, anaona kabokosi kopindika. Anangotulutsa kiyi.

Kiyi analowa theka n'kukana. Anamutulutsa, kumupukuta pa siketi, kumulowetsanso, wakana. Kumenya kuja kunali kutapinda loko mkati. Akanadula m'mawa bwenzi zitatha kalekale, akanapanda kumenya konse bwenzi chitseko chitatseguka tsopano. A Sipanala anachedwa kumvera akazi awo, n'kufulumira kuphwanya loko, ndipo zonse ziwiri zinawagwera pamutu nthawi imodzi. Anakhala pansi pafumbi, hamala ili pakati pa miyendo.

Amene anawadzutsa ndi mayi Injiniya. Anavula nsapato, anagwada, anagwira tchizulo ndi manja awiri n'kunena kuti, "Menyani, bambo. Akafunsa ndidzati ndinagwira ndine."

Anamenya mpaka loko anathyoka. Chitseko chitatseguka a Sipanala analowa, anagwira valavu ya msewu wawo n'kuipotokola. Sinavute n'komwe, inayenda mofewa, poti ankaithira girisi sabata iliyonse. Kuguguda kwa madzi kunachepa, kenaka zii. Ntchito imene inadya tsiku lonse inatha munthu asanameze malovu kawiri.

Potuluka anamva a Kalaliki akuuza mayi Injiniya kuti nkhani ya lokoyi iyenera kupita ku komiti, ndipo mpaka komiti itakumana chitseko chisatsegulidwenso. A Sipanala sanaime kumva zambiri. Anatsika kaphiri mothamanga mmene mawondo awo anawalolera, akudziuza kuti mng'alu ndi mng'alu, umamatika, simenti ilipo m'masitolo.

Atakhota pakona anaona anthu ataunjikana pabwalo lawo, ndipo atawaona anawapatukira. Anthu akamupatukira munthu mwaulemu choncho, uthenga umakhala wafika kale. Khoma la kumsewu linali pansi lonse, njerwa zili mbwee m'matope. Malata anali atawerama, akulendewera pa mtengo umodzi. Zenera lagalasi lija linali chafufumimba, felemu yokha. Chipinda chimene awiriwa ankatseka chitseko akamagona chinali poyera, aliyense wodutsa pamsewu akuona msomali wopachikapo malaya ndi kalendala ya pakhoma lotsalalo. Bedi anali akadali mkati, mwendo umodzi utakwiririka.

Anthu anayamba kupepesa, wina apa wina apo. Bambo wina, mwina posowa chonena, anafunsa kuti nanga madzi abweranso liti. Mkazi wake anamugunda ndi chigongono.

A Sipanala anapeza akazi awo atakhala pa mpando wa makina osokera, kuseri kwa nyumba, pakati pa katundu. Sankalira. Anali atafumbata manja pamiyendo, matope atauma m'miyendo mwawo n'kuyamba kung'aluka. A Sipanala anaima patsogolo pawo, anafuna kunena kuti pepani, koma kukhosi kunali gwaa chifukwa cha fumbi la chitsulo ndi dzuwa la tsiku lonse. Chimene chinatuluka ndi kupempha madzi akumwa.

Mayiwo anakweza maso n'kuwayang'ana.

"Madzi ati, bambo? Anzathu amatunga, ine ndimatulutsa katundu."

Zinali zoona. M'msewu wonsewo migolo inali yodzaza, zigubu zili ndandanda m'makonde, zochapa zikuuma pazingwe. Nyumba yokhayo imene inalibe ngakhale dontho la madzi inali ya a Sipanala. Mayi wina woyandikana nawo anamva, anathamangira kwawo n'kubwera ndi kapu yodzaza, madzi omwe aja anatunga pa paipi yophulika. A Sipanala anailandira ndi manja awiri. Anaiyang'ana, analephera kumwa, n'kuipereka kwa akazi awo. Mayiwo anamwa pang'ono, anaika kapu pansi, n'kudzuka mogwira bondo.

"Tiyeni tikafukule bedi kusanade," anatero.